Lortone 3A: Makina Osalalitsira Miyala Oyenera Munthu Wodekha

Masiku ano pafupifupi aliyense wokhala ndi foni amajambula zithunzi, ndipo za miyala yonyezimira ya agate ndi jasper zachuluka pa Instagram. Komatu ina mwa miyala imeneyi amangoinyowetsa ndi madzi asanaijambule. Mwala wosalalitsidwa bwino umanyezimira uli wouma, ndipo Lortone 3A imaufikitsa pamenepo ngati simukupupuluma.

Ndi makina aang'ono a mgolo umodzi wa labala wonyamula mapaundi 3, womwe mota imauzunguza kudzera pa lamba. Labalayo ndiye ubwino wake waukulu: phokoso ndi lochepa, ndipo miyala siiphwanyikaphwanyika ngati m'migolo ya pulasitiki yolimba. Chivindikiro chili pawiri, chamkati ndi chakunja, chomangidwa ndi nati. Pukutani m'mphepete musanatseke, chifukwa kamchenga kamodzi kokha kamadonthetsa matope a m'mgolomo.

Ikani miyala yaikulu ndi yaing'ono mosakaniza mpaka magawo awiri mwa atatu a mgolo. Pa gawo loyamba, thirani masupuni aakulu 4 a silicon carbide wa 60/90, ufa wokhakhala woperera miyala, kenako madzi ofika m'munsi mwa miyala ya pamwamba. Asiyeni makina azungulire masiku 7. Apa mpamene ambiri amalakwitsa. Agate ndi wolimba, pafupifupi 7 pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala kuyambira 1 mpaka 10, choncho sabata imodzi siikwanira kuchotsa maenje ndi timing'alu. Bwerezani gawoli ndi ufa watsopano mpaka mwala uliwonse usalale, ngakhale pathe mwezi. Dzenje lotsala limasunga ufa wokhakhala n'kukautaya m'gawo lomaliza, miyala yonse n'kukandika.

Kenako pamabwera ufa wosalalirapo wa 120/220, wosalala kwambiri wa 500, ndi polishi ya aluminium oxide, sabata imodzi gawo lililonse. Miyala ikachepa thupi, onjezerani tizidutswa ta ceramic kuti mgolo usakhale wopanda kanthu, apo ayi miyala ya quartz imagundana n'kuchita zipsera zoyera m'mbali. Pakati pa magawo tsukani zonse ndi burashi. Musasakanize miyala ya calcite kapena fluorite, yolimba 3 ndi 4 yokha pa sikelo ya Mohs, ndi agate, chifukwa imaperepeseka. Matopewo musawathire mu sinki chifukwa amauma gwa m'paipi.

Zofooka zake n'zodziwikiratu. Mgolo ndi waung'ono, mwala woposa dzira la nkhuku suzungulira bwino, ndipo lamba amatha, choncho sungani wina wapadera. Mgolo umodzi wogwira magawo onse umafunanso ukhondo wosanyengerera. Amene angathe agule wachiwiri wa polishi yokha.

Pojambula, zimitsani flash. Mwala wonyezimira umabweza kuwalako n'kusiya kadontho koyera kobisa mizere yake. Uikeni pafupi ndi zenera lophimbidwa ndi nsalu yoyera yopyapyala, mbali inayo muimike pepala loyera lochepetsa mthunzi. Fyuluta ya CPL, yomwe iliponso yopanira pa foni, imachotsa kunyezimira kotsala mukamaipotoza pang'onopang'ono. Agate woonekera mkati muwalitseni ndi tochi kuchokera kumbuyo, mizere yofiira ndi yoyera ionekera bwino kwambiri. Foni ikhale pa tripod, choimikira cha miyendo itatu, muike nthawi ya masekondi 3 kuti dzanja lisaigwedeze, ndipo pukutani mwalawo kaye ndi kansalu kofewa, popeza lenzi ya macro, yojambulira pafupi kwambiri, imaonetsa ngakhale zidindo za zala.