Luni wawo ndi wabwino, koma chigwada muyambe mwafunsa

Kufupi ndi depoti ya basi ku Kasungu kuli kanyumba kodyera komwe amaphika masamba achikuda: luni, chisoso, chigwada ndi chidede, malinga ndi nyengo. Nsima yawo ilibe chifukwa. Nkhani ili pa ndiwo.

Mukafunsa kuti "Mayi, ndiwozi n'zowawa?" yankho ndi limodzi, "Pang'ono, bambo," kaya ndi luni, kaya chidede, kaya nyemba zothira kambuzi. Sitingawadzudzule kwambiri, poti mawu akuti kuwawa amasenza zambiri: ndulu imawawa, tsabola amawawa, dzino nalo limawawa. Koma lilime limasiyanitsa. Chidede sichiwawa, chimawawasa ngati bwemba kapena malambe, chifukwa cha asidi. Kambuzi amawotcha, mankhwala achilengedwe a m'kati mwake otchedwa capsaicin amadzutsa mitsempha yomvera kutentha. Kuwawa kwenikweni ndi kuja kwa nimu ndi kwinini, kotsalira kukhosi utameza kale.

Pa luni amadziwa ntchito. Amagula nsonga zanthete, chomera chisanachite maluwa, chifukwa tsamba likakhwima limawawa mosadyeka. Amawiritsa mphindi ngati 10, n'kutaya madzi oyambawo kamodzi kokha, kenako tomato, mchere ndi nsinjiro. Pa manja awiri a luni amaphatikiza dzanja limodzi la bonongwe. Mafuta a mtedza amaphimba ukali wake, koma kafungo kaja kamatsala, ndipo kamayenera kutsala: luni ali ndi ma glucosinolate, gulu lomwelo la mankhwala achilengedwe lopatsa mpiru kakomedwe kake. Ena amatsuluza kawiri katatu mpaka luni kusanduka udzu, vitamini C n'kupita ndi madzi. Kuno satero.

Chisoso n'chapakatikati, nthawi zina chimachuluka mapesi.

Chigwada ndiye chofuna diso. Kuwawa kwa chinangwa si kokometsera ndiwo ngati kwa luni, ndi chenjezo. Masamba ake ali ndi linamarin, mankhwala achilengedwe omwe amatulutsa poizoni wotchedwa cyanide tsamba likaphwanyika. N'chifukwa chake timasinja mu mtondo mpaka kusalala: poizoniyo atuluke asanafike m'mimba. Akatuluka amauluka msanga, poti amasanduka mpweya pa madigiri 26 okha, choncho mphika uzibwata wosavindikira, mphindi 30 kapena kuposa. M'miyezi yabata amachita zonsezi, ndipo chigwada chimafika pa mbale chosalala, chonunkhira mtedza. Ikafika nyengo yogulitsa fodya, anthu n'kudzaza mabenchi, mtondo umafupikitsidwa. Mumaona timitsempha ta masamba tili tathunthu, mtundu uli wobiriwira kwambiri, m'kamwa muli kutererera kwa soda. Soda amafewetsa msanga, koma kufewa sikutanthauza kuti poizoni wachoka. Chigwada chotere chikamaluma kumapeto kwa lilime, chibwezeni. Chizungulire, mutu ndi kusanza ndi zimene zimatsatira chinangwa chosakonzedwa bwino, ndipo ana ndiwo amagwa msanga.

Fikani cha m'ma 12 koloko miphika yoyamba isanathe, chifukwa ndiyo imakhala itaphikidwa mosathamanga. Funso lothandiza si lakuti "n'chowawa?" ayi. Funsani kuti chasinjidwa nthawi yanji ndipo chakhala pamoto nthawi yaitali bwanji. Akayamba kuyang'ana kudenga, itanitsani luni.