Maluwa oyanga awiri pa mpanda wanga ku Matawale, patatha miyezi 11

Mu Disembala chaka chatha ndinalemba kuti ndabzala maluwa oyanga pa mpanda wanga wa waya ku Matawale, ndipo ndinati ndi chomera chimodzi, kungosiyana mtundu wa duwa. Ndinanama mosadziwa.

Mbali ya kumsewu ndinafesa tinjere takuda tomwe anandipatsa achemwali anga. Mbali ya kuseri ndinazika nthambi yomwe ndinathyola pa mpanda wina kufupi ndi Mulunguzi, monga momwe timabzalira mbatata. Ndipotu onsewa ndi abale ake a mbatata: duwa lake ndi lomwe lija la kholowa, looneka ngati lipenga, lotseguka m'mawa n'kufota dzuwa likakwera. Mayina ndinawadziwa nditapita ndi nthambi zake ku National Herbarium, malo osungira ndi kufufuza zomera kuno ku Zomba. Wa njere uja ndi Ipomoea purpurea, kwawo ku Mexico ndi ku Central America, wa nthambi ndi Ipomoea indica. Mbatata yathuyi ndi Ipomoea batatas.

Mu Febuluwale ndi Malichi purpurea ndi amene anandisangalatsa. Masamba ake onse ngati mtima, tsinde laubweya wokanda pang'ono ukaligwira, maluwa apakatikati, ena pepo wakuda, ena pinki, pa mpanda womwewo. Duwa likagwa, kaphesi kake kamaweramira pansi n'kubala kampira kouma kokhala ndi njere mpaka 6. Chiperoni cha mu Juni chitafika, iye anali atauma kale. Ndinakolola njere zodzaza kabotolo, zambiri zinangogwera pansi, ndipo mvula yoyamba ya Novembala uno yameretsa timbande tosawerengeka. Izi sizindidetsa nkhawa, kuzula n'kosavuta, ngakhale mwana amatha. Njerezo zokha ndimazibisa, si zoti ana aziika m'kamwa.

Indica ndi nkhani ina. Poyamba ankachita ngati waulesi, masamba okhaokha, ena a mtima, ena ogawika patatu pa nthambi yomweyo. Atayamba maluwa ndinamukhululukira: aakulu kuposa a mnzake, angapo pa phesi limodzi, buluu woti ukatuluka m'mawa ndi kapu ya tiyi umaima kaye. Pofika masana buluu uja amasanduka pepo wopita ku pinki. Timasamba togwira duwa kunsi n'tatitali, tosongoka, taubweya wofewa, pomwe ta purpurea n'tatifupi, taubweya woimirira. Ngati mwakumana ndi chomera pa mpanda wa munthu ndipo mukukayika, yang'anani pamenepo.

Njere sindinaonepo n'kamodzi komwe, ndiye ndinkati sangafalikire. Kusadziwa! Iye sayenda ndi njere. Amaponya zingwe zazitali pansi, pa mfundo iliyonse yakhudza dothi pamamera mizu, ndipo safa m'chilimwe. Kutentha konse kwa Okutobala anali wobiriwira, akumwa madzi otsukira mbale omwe timathira kuseriko. Anakwera gwafa wanga mpaka kunsonga, nthambi ziwiri zauma chifukwa chosowa dzuwa. Tsiku lina aneba anga, mayi achikulire, anandiitana pa mpanda: "Achimwene, tabwerani muone chiudzu chanuchi, chalowa m'bedi la mpiru wanga." Manyazi anandigwira. Ndinatsata chingwe chimodzi ndi dzanja kuchokera pa mpiruwo, ndinawerenga mapazi 14 kukafika pomwe ndinazika nthambi ija. N'chifukwa chake ku South Africa lamulo limaletsa kumubzala.

Kudula ndi chikwanje n'kungomumeta tsitsi, pakatha masabata awiri waphukanso. Ndipo zodulazo musataye pa dzala, zimagwira pomwepo. Ine ndimaziyanika pa malata a khola la nkhuku mpaka ziume gwa, kenako ndiotche.

Purpurea ndimusiya, koma ndapatulira kuti patsale mbande 10 zokha kumsewu. Indica ndikumuchotsa yense, ngakhale buluu ujayo ndimusowa. Loweruka lapitali ndinakumba ndi khasu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo, ndinati ndamaliza. Lero ndapeza kamphukira kena kakusuzumira pansi pa mpopi.