Njinga yanga yamagiya patatha miyezi 10: zomwe zapirira ndi zomwe zandivuta

Nditangoigula njinga iyi ndinalemba kuti ndi yopepuka, magiya ake 21 akulowa bwinobwino, kaliyala yake ikuoneka yolimba. Koma nthawi imeneyo inali isanalawe fumbi kapena matope. Pano yakwanitsa miyezi 10, kuzizira kwatha, mitengo yayamba kuphukira ndipo ntchito yososa kudimba yafika pachimake, ndiye ndaona kuti ino ndi nthawi yabwino yonena chilungamo chake chifukwa masabata ano ndi omwe njinga imakhetsa thukuta limodzi ndi mwini wake.

Ndi ya felemu yachitsulo, matayala a mainchesi 26, mabuleki a V. Ulendo wanga wakudimba ndi umodzimodzi tsiku ndi tsiku, kamsewu kafumbi kamabampu, chitunda chimodzi, ndi pamchenga pena pomwe ndimatsika n'kumakankha. Popita ndimamangirira khasu ndi chikwanje pakaliyala, pobwera ndimanyamula mitolo ya nthambi zomwe ndadula.

Felemu ilibe vuto olo pang'ono, penti yokha ndiyo yakalika pomwe chikwanje chimakhudza.

Nkhani yaikulu ili pa gudumu lakumbuyo, ndipo apa anzanga mumvetsere. Lili ndi masipoko 36. Mwezi wachinayi ndikutsika chitunda chija ndi mtolo kumbuyo ndinangomva "thwa!", kuyang'ana sipoko yathyoka pakhosi penipeni, pomwe imapindika polowa mu habu (chitsulo cha pakati pa gudumu), mbali ya tcheni. Ndinati imodzi yokha si kanthu, ndinayendabe masiku atatu, limu inayamba kuvina n'kumakhula buleki, zina ziwiri zinatsatira. Amakaniko omwe anandikonzera anachita kumasula kaye magiya onse akumbuyo kuti sipoko yatsopano ilowe, kenako anandigwiritsa masipoko awiriawiri kuti ndifinye ndimve ndekha mmene ena analili olobodoka. Sipoko yolobodoka imapindika pang'ono gudumu likazungulira kamodzi, ndiye zimakhala ngati waya womwe ukuupinda uku ndi uku mpaka udukiretu. Anamanga onse, anawongola limu, kuchokera tsiku limenelo palibe yathyokanso. Mbali ina vuto linali langa, kaliyala inalembedwa 25 kg ndipo nthambi zaziwisi zimalemera kuposa mmene zimaonekera. Koma ndikadadziwa ndikadakamangitsa masipoko mwezi woyamba womwe, musadikire kuti ina ithyoke kaye.

Matayala omwe inabwera nawo sindinakhutire nawo. Ndi opyapyala kwambiri, ndipo nyengo yososa ino minga imangoti mbwee m'njira monse chifukwa aliyense akukoka zitsamba zomwe wadula. Sabata ina ndinamata chubu kanayi. Kawiri inali minga, kawiri ndinapeza timabowo tiwiri togundizana ngati mano a njoka, ndipo izi si minga ayi, ndi mpweya wochepa, ukagunda mwala chubu imapanikizika pakati pa limu ndi tayala. M'mbali mwa tayala analemba muyezo wa mpweya wofunika, 40 mpaka 65 PSI, ine ndinkangopopa n'kufinya ndi chala basi. Mwayi wake valavu ndi ya Schrader, yofanana ndi ya galimoto, ndiye pampu yokhala ndi geji sivuta kupeza. Ndinasintha tayala lakumbuyo n'kuika lokhuthala, likulemerako ndithu koma miyezi itatu yadutsa osaphwa. Mukamata, yendetsani chala mkati mwa tayala monse pang'onopang'ono musanabwezeretse chubu, kamunga kamatsalira momwemo.

Tcheni ndinaisintha mwezi wa 7. Ndinkaithira oyilo wambiri poganiza kuti ndikuisamalira, koma oyiloyo ankagwira fumbi n'kusanduka phala lakuda lomwe limadya chitsulo. Kuyeza kwake n'kosavuta: tcheni yatsopano malinki 12 athunthu (linki yathunthu ndi yamkati ndi yakunja pamodzi) amakwana mainchesi 12 ndendende kuchokera pa pini kufika pa pini, ikapyola ndi 1/16 ya inchi ndiye yatha, ndipo mukaisiya imayamba kudya mano a magiya. Pano ndimadontheza pang'ono, kuzunguliza mapedulo, kenako kupukuta ndi kansanza mpaka kunja kuume.

Za magiya ndili pakatikati. Pa 21 aja ndimagwiritsa asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo kachipangizo kosinthira magiya kakumbuyo kali pansi kwambiri moti kamakola udzu ndi ziyangoyango, tsiku lina kanapindika nditagoneka njinga mbali yolakwika. Komabe pachitunda chija, katundu ali kumbuyo, giya yofewa ija imandifikitsa pamwamba mawondo osawawa, zomwe njinga yanga yakale ya giya imodzi sinkatha. Timphira ta mabuleki ndasintha kamodzi, matope ndi omwe anatidya.

Masiku ena ndimaisiya dala n'kupita wapansi, makamaka m'mawa kukagwa mame ambiri kapena ndikafuna kudutsa kanjira kachidule komwe kali ziputu. Ndi poyenda pansi pomwe ndinaona kuti mitengo yomwe ndinadulira chaka chatha yatulutsa timasamba tofiirira tofewa, ukakhala pa njinga maso amangokhala pa mabampu ndi minga. Ndiye sinalande malo a miyendo, koma maulendo atatu osenza pamutu inawasandutsa umodzi, ndipo ndimafika kudimba dzuwa lisanatenthe mphamvu ndikadali nazo.

Kuigulanso ndingaigule, bola tsiku loyamba lomwelo ndiike tayala lokhuthala kumbuyo. Chomwe ndikuyang'anira pano ndi kaphokoso kena kakuti "kwe kwe" komwe kayamba sabata ino ndikaponda pedulo yakumanzere. Loweruka ndiimasula ndi sipanala ya 15 ndiike gilizi, ndipo kwa omwe simunamasulepo, yakumanzere imamasukira mbali yosiyana ndi yakumanja, musaikakamize.