Kamakina koyezera magazi kunyumba: kabwino ndithu koma sikanena chifukwa chake

Ndakhala nako miyezi itatu tsopano ndiye ndati ndilembeko kwa amene mukuganiza zogula. Ine ndinagula chifukwa ndimangokhala wofooka, ndikaimirira chizungulire, kuyenda pang'ono mtima gugugu, mpaka ndinayamba kulakalaka dothi zomwe sindinapangepo chibadwire.

Kuyeza kwake nkosavuta, ubaya chala, kadontho pa sitiripi (kapepala kolowetsa m'kamakinako), pasanathe mphindi nambala ya Hb yatuluka (Hb ndi hemoglobin, chimene chimanyamula mpweya m'magazi, ndiyo imaonetsa ngati magazi achepa). Koma chonde osafinya chala mwamphamvu, timadzi ta m'thupi timasakanikirana ndi magaziwo nambala nkutsika, tsiku loyamba ndinapeza manambala awiri osiyana pa chala chomwecho ndinangoti kanthuka nkabodza. Pukutani dontho loyamba, yezani lachiwiri. Masitiripi nawo sachedwa kutha.

Hb yanga inali 9.8. Malinga ndi a WHO mzimayi akatsika pa 12 ndiye kuti magazi achepa, mwamuna ndi 13, woyembekezera 11. Apa kanagwira ntchito yake. Vuto ndilakuti kamathera pomwepo basi, ndipo ine ndinatsala pang'ono kungoyamba kumeza mapiritsi a ayironi poganiza kuti kuchepa magazi konse ndi kumodzi, ayi ndithu.

Ku labu ananditenga magazi a pamkono nkuyeza full blood count (kuwerenga maselo onse a m'magazi) ndi ferritin. Adokotala anandilozera MCV, kukula kwa maselo ofiira, akakhala pansi pa 80 ndi ang'onoang'ono ndipo nthawi zambiri ndi ayironi wachepa, akapitirira 100 amaganizira kuchepa kwa mavitamini a B12 kapena folate, pamenepo ayironi ungamwe botolo lonse palibe chosintha. Komanso maselo ang'ono si ayironi yekha, thalassemia, nthenda ya magazi yobadwa nayo, imaonekanso choncho, munthu nkumamwa mapiritsi zaka zaka pachabe. Chomwe chimadula nkhani ndi ferritin, ndiyo imaonetsa ayironi amene thupi lasunga, ikakhala pansi pa 15 palibenso kukaika. Yanga inali 7. Koma akuti ukakhala ndi matenda ena kapena kutupa m'thupi ferritin imakwera nkubisa vutolo, nchifukwa chake anandiyezanso CRP, imene imaonetsa ngati m'thupi muli kutupa.

Ndiye funso limene kamakina sikangakufunse: magaziwo akupita kuti? Ine ndi msambo wochuluka, ena ndi njoka za m'mimba, ena zilonda za m'mimba zikutaya magazi mwakachetechete, makamaka azibambo ndi amayi osiya kusamba musazitenge mopepuka zimenezi.

Panopa ndi pamene ndikukakonda, ndili pa mapiritsi (chimbudzi chakuda bii, musaope) ndipo milungu iwiri iliyonse ndimayeza kuona nambala ikukwera, dzulo 11.6. Nyenyezi 3 pa 5. Anandiuza ndipitirize kumwa miyezi ina itatu Hb ikafika pabwino, ndipo zoti ferritin yadzadza ndikazionera ku labu komweko.