Kathumba ka piddle pack ndi chipangizo cha Skydrate: chothandiza n'chiti woyendetsa ndege yankhondo akafuna kutaya madzi?

Kathumba kokodzeramo komwe oyendetsa ndege zankhondo ku America amakatchula kuti piddle pack n'kooneka kachabechabe ukakagwira m'manja. Ndi pulasitiki yolimbirako yokhala ndi khosi lalitali, ndipo pansi pake pamakhala siponji youma yofinyidwa, kapena ufa wofanana ndi womwe umaikidwa m'matewera a ana, umene umamwa mkodzo n'kuusandutsa chinthu choundana chosayenderera. Ndidagula timatumba ta mtundu womwewu, timene timagulitsidwa kwa anthu oyenda maulendo ataliatali, pofuna kuona ndi maso anga ngati madandaulo omwe asilikali akhala akupereka kwa zaka zambiri ali ndi maziko. Zomwe ndidapeza n'zakuti kathumbako kamasunga bwino zomwe wathiramo, koma kusungako ndi mbali yaing'ono chabe ya vuto lomwe munthu amakumana nalo ali m'mwamba. N'chifukwa chake ndikukayerekeza ndi Skydrate, chipangizo chokoka mkodzo ndi pampu.

Ubwino wake suvuta kuuona. Nditathiramo makapu awiri a madzi ofunda, ufa uja udafufuma ndikuyang'ana, ndipo nditapinda khosi n'kukazondotsa, sipadagwe ngakhale dontho limodzi. N'kopepuka, kamalowa m'thumba la chovala, sikafuna batire, ndipo mulibe kachitsulo kapena kawaya koti n'kuwonongeka. Kwa munthu yemwe angathe kuima kapena kutembenuka momasuka, palibe chifukwa chofunira china choposa apa.

Nkhani idasintha nditakayesa momwe kamagwiritsidwira ntchito m'ndege. Ndidakhala m'galimoto yoima, nditavala ovolosi ndi magolovesi, mpando nditaupendeketsera kumbuyo ndipo lamba nditamanga mothina. Dzanja limodzi lidagwira pakamwa pa kathumba, lina likulimbana ndi zipi, ndipo ndisadafike patali ndidaona kuti sizingatheke popanda kumasula lamba. Nthawi yonseyi maso anga adali pansi, osati kutsogolo. Kenaka padabwera chinthu chomwe sindidachiyembekezere, chakuti thupi lenilenilo limakana kumasuka munthu atakhala chopendekera chagada, moti padatenga mphindi zingapo chikhodzodzo chisadalole. Pa kathumba kachiwiri khosi lidapindika pakati, madzi n'kubwerera pagolovesi. Zonsezi zidachitika galimoto ili chiimire, popanda kugwedezeka kulikonse, popanda wailesi yondiitana, komanso popanda ndege ina yomwe ndikuyenera kuuluka nayo moyandikana.

Tsono taganizirani munthu yemwe ali yekha m'ndege ya F-16. Mpando wake udapendekera kumbuyo madigiri 30, chiwongolero chili kudzanja lamanja pambali pa ntchafu, ndipo pamwamba pa ovolosi wavala buluku lapadera lija lomwe limadzaza mpweya n'kufinya mimba ndi miyendo kuti magazi asathawe kumutu ndege ikamakhota mwamphamvu. Pamwamba pa zonsezo pali malamba omumangirira kumpando womwe umamuponyera kunja ndege ikafuna kugwa, ndipo ngati akuwoloka nyanja yozizira amavalanso chovala china chosalowa madzi. Kuti afikire kathumba kaja ayenera kudutsa zonsezi. Mu 1992 ndege ya F-16 ya dziko la America idagwa ku Turkey pa chifukwa chomwechi: woyendetsa wake adamasula lamba wa m'chiuno kuti ataye madzi, chitsulo cha lambayo chidakanirira pakati pa mpando ndi chiwongolero pomwe ankasuntha mpandowo, ndege idayamba kuzungulira yosamvanso zomuuza, ndipo iye adapulumuka podziponyera kunja. Chipangizo chomwe chimafuna kuti munthu amasule zomutetezera ndiponso achotse manja ndi maso pa ntchito yake sindingachitchule kuti n'chabwino, ngakhale chitasunga madzi mwaluso chotani.

Kwa amayi vutoli n'lalikulu kuposa apa. Dziko la America lidalola amayi kuyendetsa ndege zomenyera nkhondo mu 1993, ndipo Jeannie Leavitt ndiye adakhala woyamba m'gulu la asilikali a m'mlengalenga, akuyendetsa ndege ya F-15E, koma kathumba komwe amayiwa adakapeza kadali kopangidwira thupi la mwamuna. Zosankha zawo zidali zochepa: kuvala thewera la akuluakulu n'kukhala m'chinyezi maola ambiri, kumasula pafupifupi malamba onse n'kudzikweza pampando, kapena kusamwa madzi.

Njira yomalizayi ndi yomwe imandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ndi yomwe ambiri, amayi ndi abambo omwe, amatsata mwakachetechete, mpaka ili ndi dzina lake pakati pawo loti tactical dehydration. Munthu amasiya kumwa madzi kutatsala maola angapo kuti anyamuke, ndipo ali m'mwamba amangonyowetsa kukhosi. Koma madzi akachepa m'thupi magazi nawonso amachepa, pomwe ndege ngati F-16 ikamakhota imatha kumukanikizira munthu pampando ndi mphamvu yochuluka ka 9 kuposa kulemera kwa thupi lake. Pa nthawi ngati imeneyo mtima umavutika kukweza magazi ku ubongo, maso amachita chidima, ndipo munthu atha kukomoka ndege ili pa liwiro. Gulu la asilikali a m'mlengalenga la America lidanena lokha kuti kudzimana madzi kotereku kungachepetse ndi theka mphamvu zomwe munthu amapirira nazo kukanikizidwako, kuwonjezera pa litsipa, kuganiza mochedwa, matenda a njira ya mkodzo ndi timiyala ta mu impso. Mlandu waukulu wa kathumba kaja uli pamenepa: n'kovuta kugwiritsa ntchito moti anthu amasankha ludzu.

Ndipo maulendowo ndi aatali ndithu, popeza ndege zimathiridwa mafuta zili m'mwamba. Mu 1986 ndege za F-111 zidanyamuka ku Lakenheath ku England kupita ku Libya n'kubwerera, anthu awiri m'ndege iliyonse atakhala pamipando pafupifupi maola 13. Ndege zikuluzikulu zili ndi mwayi wake: B-2 yomwe idachoka ku Whiteman ku Missouri m'dziko la America mu 2001 kupita ku Afghanistan idakhala m'mwamba maola 44, koma ili ndi kachimbudzi ka mankhwala kumbuyo kwa mipando ndipo oyendetsa ake awiri amatha kusinthana. Wa m'ndege yaing'ono alibe poimirira.

Chipangizo cha Skydrate, chopangidwa ndi kampani ya Omni ya ku Vermont ku America, chimayankha vutoli kuchokera mbali yoyenera. Mwamuna amavala kachikho kofewa, mayi amavala kansalu komwa madzi kogwirana ndi thupi, ndipo zonsezi zimakhala mkati mwa kabudula wamkati kuyambira munthu asadakwere ndege. Kachipangizo kozindikira chinyezi kakamva mkodzo, pampu yoyendera batire imayamba kukoka kudzera m'kapaipi mpaka m'thumba losungira lomwe lili kunja kwa zovala. Lamba samasulidwa, zipi ya ovolosi simakhala yolimbana nayo, ndipo maso amakhala pomwe akuyenera kukhala. Kampaniyi idayamba ndi chipangizo chotchedwa AMXD, ndipo Skydrate, yomwe asilikali a m'mlengalenga a America adalengeza kumapeto kwa 2021 kuti ayamba kuilandira, idabwera ndi thumba lokulirapo, pampu yokoka mofulumira, mapaipi otalika mosiyanasiyana, komanso poyatsira ndi pozimitsira pofuna dzanja limodzi lokha. Mndandanda wa zomwe adakonzawu ukuuza munthu bwino lomwe zomwe zinkasautsa pa zipangizo zoyambazo.

Sindikunena kuti n'changwiro. Chinthu chomwe chimavalidwa maola ambiri pamalo osakhwima, chitapanikizidwa ndi malamba a m'ntchafu, chiyenera kukwana thupi la mwini wake ndendende, apo ayi chimasupula khungu kapena kudontha, ndipo munthu yemwe chidamunyowetsa kamodzi sachedwa kubwerera ku ludzu lake lakale. Batire imatha, kapaipi kamatha kupindika, mbali zina ziyenera kutsukidwa kapena kusinthidwa, ndipo mtengo wake sungayerekezedwe ndi wa kapulasitiki kotaya. Palinso chovuta china chomwe si cha makina: munthu wamkulu adaphunzira kuyambira ali mwana kuti sakodza atavala, moti thupi limafunika kuliphunzitsanso, ndipo malo ophunzirira ndi pansi, osati pa ulendo weniweni.

Pa nkhani ya chimbudzi chachikulu, zipangizo ziwirizi zilibe yankho. Oyendetsa ndege ya U-2, omwe amauluka pamtunda wa mamita oposa 21,000 atatsekeredwa m'chovala chonga cha opita ku mwezi, ali ndi kapaipi kotulutsira mkodzo, koma zinazo amazithetsa ndi kadyedwe, posankha zakudya zomanga thupi zosasiya zotsalira zambiri m'matumbo ndiponso kudzithandiziratu asadavale. Anzawo a ndege zina zazing'ono amachitanso chimodzimodzi.

Ndikadakhala wogulira zipangizo gulu la oyendetsa ndege zomenyera nkhondo, ndikadagulira aliyense chipangizo cha pampu, kumuyeza thupi lake payekha, ndi kumupatsa mpata wochizolowera atavala zovala zonse za ntchito ndege ili pansi, kuyambira ndi amayi omwe adadikira nthawi yaitali. Kathumba ka piddle pack sindikadakataya: ndikadasiya timatumba tiwiri m'thumba la mwendo la aliyense, kuti tidzathandize tsiku lomwe batire yatha kapena kapaipi katsekeka ulendo usadathe.