Ford Mustang Mach 1 kapena Dodge Charger R/T ya 1969?

Zonse ndi galimoto zaku America za injini ya V8 (ya masilinda asanu ndi atatu), zomwa petulo mosaumira. Koma kuzisamala kwake n'kosiyana.

Mach 1 inkabwera ndi injini ya malita 5.8, ndipo wofuna mphamvu ankasankha 428 Cobra Jet ya malita 7. Charger R/T inkayambira pa 440 Magnum ya malita 7.2 ndi mahosipawa 375, pamwamba pake 426 Hemi ya mahosipawa 425.

Mtengo: Mach 1 zinapangidwa zoposa 70,000, choncho zimapezeka. Charger R/T ndi yosowa, ya Hemi ndiye osakamba.

Masipeya: apa Mustang yawina. Kampani ya Dynacorn imapanga ngakhale bodi yonse yatsopano. Za Charger zimadula, zina mpaka kusakasaka.

Dzimbiri silisankha. Pa Mustang yang'anani pansi pa galasi lakutsogolo, pomwe madzi amalowera n'kuwoletsa pansi popondapo. Pa Charger gwirani m'mbali mwa galasi lakumbuyo, kenako tukulani kapeti ya m'buti.

Makaniko amadandaula ndi 428 ya Mustang: injini imadzaza malo onse, kusintha mapulagi kumasupula zala. Charger nayo ili ndi zitseko zobisa nyale zoyendera mpweya wa injini, zikakalamba chimodzi chimatseguka china n'kukana.

Pamsewu Mustang ndi yaifupi, yosavuta poimika. Charger imapitirira mamita 5, koma pamsewu wowongoka mkokomo wake ngwina.

Woyamba kumene, wokonda kudzikonzera, atenge Mach 1 ya 5.8. Charger ndi ya munthu wa garaja yaikulu ndi thumba lolimba. Ine mtima uli pa Charger, thumba ndilo likukana.