Katoni ya nyuzipepala za nkhondo: pepala n'lolakwika, koma ndawerenga mpaka usiku

Nditatsegula katoniyo ndinayamba ndakhumudwa. Ndinaitanitsa pa intaneti nyuzipepala za ku Britain za m'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, zosindikizidwanso, koma wogulitsayo anagwiritsa ntchito pepala loyera mbee, lonyezimira ngati kalendala. Masamba anawachepetsanso, moti timalemba ta m'munsi sindingatiwerenge popanda magalasi. Izi sananene potsatsa malonda ake.

Koma nditafika pa nyuzipepala ya pa 16 Sepitembala 1940, mkwiyo wonse unatha. Mutu wake ukunena monyadira kuti dzulo lake ndege 175 za Germany zinagwetsedwa. Boma linadzakweza chiwerengerochi kufika pa 185. Nkhondo itatha, zolemba za Ajeremani eni ake zinaonetsa kuti anataya ndege pafupifupi 60 basi. Sindikuti atolankhaniwo ankanama dala. Ndege imodzi ikamagwa ikufuka utsi, oyendetsa ndege awiri kapena atatu amene anaiwombera aliyense ankati ndi yake, ndipo unduna woona za ndege za nkhondo unkangophatikiza.

Chimene chandigwira mtima kwambiri ndi zomwe sanalembe. Za nyengo ya mawa mulibe, poopa kuthandiza adani. Mizinda yambiri yophulitsidwa ilibe maina. Hull, kumene mabomba anapha anthu oposa 1,000, ankangoitchula kuti tauni ina ya kugombe la kumpoto chakum'mawa. Ndinakhala phee ndi tsambalo m'manja, ndikuganizira mayi wa ku Hull amene wangoika mwana wake m'manda, akuwerenga za kwawo ngati za kwa eni. Pomwe Coventry, itaphulitsidwa pa 14 Novembala 1940, anaitchula dzina poyera, chifukwa nkhani yake inali yoti dziko lonse, makamaka America, limve chisoni.

Muli ndithu Daily Mail ya pa 31 Disembala 1940, ija ya chithunzi cha tchalitchi cha St Paul's cha ku London chitaima pakati pa utsi, chomwe anajambula Herbert Mason. Chatuluka bwino, ulemu wake. Koma kapepala kofotokozera kamene anaikamo sikanena kuti chithunzicho anachidula, n'kuchotsa mbali ya mabwinja a nyumba zopsa. Sikanenanso kuti mu Januwale 1941 magazini ya Berliner Illustrirte Zeitung inasindikiza chithunzi chomwecho ngati umboni woti London ikupsa. Wogulitsa akanaika masamba awiriwa pamodzi, kapena kope limodzi lokha la Der Adler, magazini ya asilikali a ndege a Germany, bwenzi ndikuti katoniyi ndi yokwana. Mmene ililimu mukumva mbali imodzi yokha.

Aphunzitsi a mbiri yakale, gulani, koma ana asawerenge okha ziwerengerozo. Ofuna zopachika pakhoma musavutike, pepalalo limathobwa m'maso nyali ikayaka. Ine ndatsala ndi makope anayi a 1943, ndipo ndikuwawerenga pang'onopang'ono dala.